Tinaphunzira kubira ku Cape Maclear, kodi ku Tofo tikakwanitsa?

Funso, kuchokera kwa mayi wa ku Chilomoni mu mzinda wa Blantyre: "Ine ndi amuna anga tinaphunzira kubira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya ku Cape Maclear chaka chatha, ndipo tonse tili ndi satifiketi ya Open Water. Chiphunzirireni takhala tikubira m'nyanja yathu yokhayi. Pano tikusunga ndalama kuti pa Khirisimasi tipite ku Tofo, ku Mozambique, tikaone nsomba zikuluzikulu zija, whale shark ndi manta. Kodi satifiketi yathuyi ikakwanira? Madzi akumeneko ndi otani poyerekeza ndi athu? Nanga shaki sizikatidya? Mayi anga akuti tisayerekeze n'komwe."

Yankho:

Zikomo achemwali chifukwa cha funso lanu, ndipo mundiperekere moni kwa alamu. Satifiketi yanu ndi yovomerezeka. Kaya munaitenga kudzera ku PADI kaya ku SSI, mabungwe opereka masatifiketi a kubira, sukulu iliyonse yobira ku Mozambique ikailandira, ndipo palibe amene akakuchepetseni chifukwa choti munaphunzirira m'madzi opanda mchere. Vuto lili pa kuya. Open Water imakulolani kutsika mamita 18 basi, pamene matanthwe amene manta zimakonda ku Tofo, kuphatikizapo Manta Reef yotchukayo, ali pakati pa mamita 20 ndi 30. Mukapita ndi pepala lomwe muli naloli mukabira ndithu, koma pa matanthwe osaya a pafupi ndi gombe, anzanu akupita kumene inu munadzera. Choncho musanawoloke malire, bwererani ku Cape Maclear mukatenge Advanced Open Water, imene imakufikitsani mamita 30. Ndi ntchito ya masiku awiri kapena atatu, ndipo ndi bwino kuyamba kulawa kuya kotere m'madzi amene mukuwadziwa kale.

Za shaki, amayi mukawauze kuti mtima ukhale m'malo, ndifotokoza m'munsimu. Chimene ine chikundidetsa nkhawa ndi madzi enieniwo, chifukwa ndi amene amagonjetsa anthu ochokera kunyanja kwathu.

Anthu akamva zoti gombe lotentha amayembekezera madzi odekha, obiriwira mowala, oonekera mpaka pansi. Tofo ndi gombe loyang'anizana ndi Indian Ocean popanda chilumba kapena tanthwe lotchinga, ndipo lili kummwera pang'ono kwa mzere wa Tropic of Capricorn. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar madzi amatsikira kummwera mozungulirazungulira, ndipo akamakhudza m'mphepete mwa dziko amakankhira pamwamba madzi ozizira ochokera pansi penipeni. Madzi a pansiwo amabwera ndi chakudya, chakudyacho chimabereketsa tizamoyo ting'onoting'ono toyandama totchedwa plankton, ndipo plankton ndi amene amaitana whale shark ndi manta. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Mwera ukaomba mwamphamvu m'miyezi ya June, July ndi August, madzi a pansi amakwera kumapeto a kummwera kwa nyanja yathu, n'chifukwa chake dera la Mangochi lakhala lolemera nsomba kuyambira kalekale. Ndiye mumvetse chinthu chimodzi ichi, ulendo wonse ukakukomerani: chimene chimadetsa madzi a ku Tofo ndi kuwaziziritsa ndi chomwecho chimene chimabweretsa zinyama zimene mukufuna kukaonazo. Tsiku limene madzi ali mbee, moti mukuona mamita 25 kapena 30, kawirikawiri zazikuluzo zimakhala zapita kwina. Tsiku limene ali obiriwira ngati msipu, mukuona mamita 6 kapena 8 okha, ndi limene chinthu chachikulu chimatulukira mwadzidzidzi pamaso panu. Amene wapita akudziwa zimenezi sakhumudwa akapeza madzi akuda.

Kutentha kwa madzi kumasintha kwambiri kuposa mmene munazolowerera. Kuyambira December mpaka March pamwamba pamafika madigiri 27 mpaka 29, pamene m'nyengo yozizira, cha mu July mpaka September, pamatsika kufika pa 22 kapena 23. Komatu ngakhale mu January mutha kutsika mamita 20 n'kulowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira kwambiri, nthawi zina osafika ndi madigiri 20 omwe. Mumachita kuona malire ake, madzi akunyezimira ngati asakanizidwa ndi mafuta. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20, choncho kachovala kobirira, kawetsuit kakafupi kamene munkavala ku Otter Point kapena ku Thumbi sikakathandiza. Pemphani wetsuit yaitali ya mamilimita 5, nyengo iliyonse. Munthu wozizidwa amapuma mofulumira, mpweya umamuthera msanga, ndipo maganizo ake sakhala pa chimene akuchita.

Tsopano mchere. Madzi a m'nyanja yamchere ndi olemera kuposa athu ndi magawo awiri ndi theka pa 100 alionse, ndiye amakuyandamitsani kwambiri. Ngati inu pamodzi ndi zida zanu zonse mukulemera makilogalamu 90, mufunika kuwonjezera mtovu wa makilogalamu awiri kapena kuposerapo pang'ono pa lamba wanu. Wetsuit yokhuthalayo nayonso imayandamitsa, ndipo silinda yachitsulo imalemera mosiyana ndi ya aluminiyamu. Musangotchula nambala imene munkagwiritsa ntchito kunyanja kwathu. Tsiku loyamba uzani mphunzitsi kuti aka n'koyamba kulowa m'madzi amchere, akuyeseni: BCD, jekete yopopa ija imene imakuyandamitsani, ikhale yopanda mpweya, inu mwapuma mwachizolowezi n'kuugwira, madzi azifika m'maso. Ngati muli ndi kompyuta ya pamkono, isintheni kuti iziwerengera madzi amchere. Nyanja ya Malawi ili pamwamba pafupifupi mamita 470 kuchokera pa nyanja yamchere, moti kubira kwanu konse kwa m'mbuyomu kunali kwa kumtunda. Ku Tofo mukakhala pa nyanja yamchere yeniyeniyo, ndipo ma tebulo owerengera nthawi yokhala pansi pa madzi amene munaphunzira akagwira ntchito mmene analembedwera. Mcherewo ukalowa m'masiki umawawa m'maso, ndipo anthu amene kunyanja kwathu ankachotsa madzi m'masiki mosavuta amatha kudzidzimuka. Yesererani zimenezi pamalo osaya.

Kumene ndikufuna tikhalitsepo ndi kayendedwe ka madzi. Nyanja yathu ili ndi mafunde, ndipo aliyense amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera sangainyoze. Koma mukatsika mamita angapo pansi pa Domwe kapena Mumbo, nthawi zambiri madzi amangokhala duu, mumaima pomwe mwafuna, n'kumaonerera mbuna mpaka mutatopa. Ku nyanja yamchere madzi sagona. Amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kusinthako kumakula mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene. Pamwamba pa zimenezo pali madzi okoka, amene amayenda mbali imodzi mosalekeza, ndiponso kukankha kwa mafunde akuluakulu kumene kumafika mpaka pansi: mumapita kutsogolo mamita awiri, n'kubwezedwa m'mbuyo mamita awiri, thupi lonse. Woyamba kumene amalimbana nazo, amapalasa ndi manja, amagwira matanthwe, mpweya n'kumutheratu m'mphindi 20. Yang'anani nsomba mmene zikuchitira. Madzi akamakubwezani, khalani chete. Akamakukankhirani kumene mukupita, menyani mafini, zopalasira za kumapazi zija. Ndipo pafupi ndi tanthwe madzi amakoka pang'ono kusiyana ndi pamwamba pake, choncho tsikani mufupikire pansi popanda kukhudza.

Ngakhale kukwera boti kumene ndi phunziro palokha. Ku Tofo kulibe doko. Boti la mphira limakankhidwira m'madzi kuchokera pamchenga, inu nonse mwaligwira m'mbali madzi ali m'chiuno kapena m'chifuwa, ndipo woyendetsa akafuula mumadzikokera m'kati. Mumavala jekete yoyandamitsa, mapazi mumalowetsa m'malamba a pansi, manja pa chingwe, kenako iye amadikira mpata pakati pa mafunde n'kuthamangitsa injini. Pobwera amaliyendetsa mwaliwiro mpaka kukwera pamchenga, ndiye mugwiritse zolimba. Ngati msana umakuvutani, nenani musanakwere. Ulendo wopita ku matanthwe akutali umatha kupitirira theka la ola mukugundidwa ndi mafunde, ndipo mseru umagwira ngakhale anthu amphamvu. Mankhwala oletsa mseru alipo, koma muyambe mwawayesa muli kunyumba kuno, chifukwa ena amagonetsa, ndipo tulo pansi pa madzi ndi ngozi.

Mukafika pamalopo boti siliponya nangula. Woyendetsa amawerenga mpaka katatu, nonse mumagwera chagada nthawi imodzi, ndipo pa matanthwe akuya mumalowa BCD ilibe mpweya, mutu pansi, kulondola chingwe cha divemaster, wotsogolera gulu pansi pa madzi. Mukachedwa pamwamba mphindi imodzi mukukonza masiki, madzi akutengani ndipo tanthwe mwaliphonya. Apa ndi pamene makutu amavutira. Yambani kuwatsegula muli m'boti, pitirizani mita iliyonse, osadikira kuti apweteke. Akakana, imani, perekani chizindikiro, kwerani pang'ono. Kuphonya tanthwe si kanthu, mawa liliponso, koma khutu lophulika lithetsa ulendo wonse. Divemaster amakoka chingwe chokhala ndi choyandama pamwamba, ndipo boti limatsatira choyandamacho. Mukasiyana ndi gulu, funafunani osapitirira mphindi imodzi, kenako kwerani pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ndimafuna kuti aliyense akhale ndi SMB yakeyake, kathumba kaja kofiira kamene mumakapopa muli pansi kuti kaime pamwamba pa madzi. Pakati pa mafunde a mamita awiri mutu wa munthu suoneka. Pa maphunziro a Advanced aja, muumirire kuti akuphunzitseni kuiponya mpaka muzolowere.

Kuya nakonso kumasintha masamu. Pa mamita 10 mumagwiritsa ntchito mpweya kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba, pa mamita 20 katatu, pa mamita 30 kanayi. Silinda imene inkakusungani pafupifupi ola ku Cape Maclear ikhoza kutsika pa geji ya mpweya kuchoka pa 200 bar kufika pa 50 m'mphindi 25. Nthawi yololedwa kukhala pansi pa madzi imachepanso: tebulo la PADI limapereka mphindi 56 pa mamita 18, koma 20 zokha pa mamita 30. Anthu ambiri obira kumeneko amagwiritsa ntchito nitrox, mpweya wokhala ndi okosijeni wochulukirapo, kawirikawiri magawo 32 pa 100, kuti nthawiyo italike. Maphunziro ake ndi a tsiku limodzi, ndipo ngati thumba likulola ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito. Cha m'ma mamita 30 anthu ena amayamba kumva ngati aledzera chifukwa cha nayitirojeni, kuganiza kumachedwa. Mukamva choncho kwerani mamita ochepa, zimatha zokha. Inu ndi alamu muzifunsana za mpweya pafupipafupi, ndipo mugwirizane muli pamtunda kuti amene wayamba kutsala ndi wochepa ndiye walamula kuti tikwere. Amuna ambiri amamaliza mpweya msanga kuposa akazi awo, ndipo ena amabisa chifukwa cha manyazi. Mukambirane zimenezo poyera.

Nanga mukaonako chiyani?

Manta ndi nsomba yophwatalala, ya m'banja limodzi ndi shaki, yosambira ngati ikuuluka. Ku Tofo kumapezeka mitundu iwiri. Ya m'matanthwe imatha kufika pafupifupi mamita 5 kuchokera nsonga ya phiko lina kufika linzake, ndipo ya m'nyanja yakuya imafika mamita 7. Kuti mitunduyi ndi iwiri zinatsimikizika mu 2009, kudzera m'kafukufuku wa Andrea Marshall amene anagwira ntchito yake pa gombe lomweli. Iyeyu pamodzi ndi Simon Pierce, katswiri wa whale shark, ndi amene anayambitsa bungwe la Marine Megafauna Foundation. Manta ilibe mbola ndipo siluma, imadya plankton. Chimene imadzera pa matanthwe ndi kudzatsukidwa. Pali malo odziwika pamene tinsomba ting'onoting'ono timakhala, ndipo manta ikafika imachepetsa liwiro, imatsegula kamwa ndi makha, tinsombato n'kumalowa kudya tizirombo ndi khungu lakufa. Zikachuluka zimadikirana, ina ikuzungulira pambali mpaka inzake ichoke, ngati amayi pa mzere wa kuchigayo. Manta zambiri za m'dera limeneli zili ndi zipsera zolumidwa ndi shaki kumbuyo kwa mapiko, ndipo tinsomba tina timatsuka mabala omwewo. Iliyonse ili ndi madontho akeake pamimba, moti ofufuza amazizindikira ndi zithunzi chaka ndi chaka.

Khalidwe lanu pamalo amenewa ndi limene limanena ngati muione kwa masekondi asanu kapena kwa mphindi khumi. Khalani m'munsi, m'mbali mwa tanthwe, pumani modekha. Musakwere pamwamba pa malo otsukirawo ndipo musaithamangire. Mukakhala phee imabwera yokha, nthawi zina kudutsa pamutu panu n'kukuyang'anani ndi diso limodzi. Musaikhudze, chifukwa khungu lake lili ndi utoto woterera umene umaiteteza ku matenda.

Whale shark ndiyo nsomba yaikulu kuposa zonse padziko, imapitirira mamita 12 ikakula. Za ku Tofo zambiri ndi zazimuna zosakhwima, za mamita 5 mpaka 8, ndipo zimapezeka chaka chonse, ngakhale kuti miyezi yotentha ndi imene anthu amaidalira kwambiri. Izi simufuna silinda. Maboti amapita kukazifunafuna pamwamba, mumalowa mwakachetechete ndi masiki, kapaipi kopumira kotchedwa snorkel ndi mafini, n'kumasambira pambali pake. Siyani mamita atatu pakati pa inu ndi thupi lake, anayi kuchokera ku mchira, ndipo musaitsekere kutsogolo. Kamwa lake ndi lalikulu koma kummero n'kopapatiza, singameze munthu ndipo ilibe nazo ntchito.

Pano ndiyenera kukuuzani zoona, kuti musakasunge ndalama chaka chonse n'kubwera mukudandaula. Palibe angakulonjezeni kuti mukaziona. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013 anapeza kuti pofika 2011, m'zaka zosakwana khumi, kuoneka kwa manta za m'matanthwe ku Tofo kunatsika ndi magawo 88 pa 100, ndipo kwa whale shark ndi magawo 79. Matchera otchera m'mphepete mwa gombe amazikola, ndipo makha a manta ali ndi msika ku Asia. Mu 2016 whale shark inaikidwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotha, ndipo kuyambira January 2021 lamulo la usodzi ku Mozambique limaletsa kupha manta ndi whale shark. Ife amene taona mmene chambo chinathera ku Malombe nkhani imeneyi sitikuimva ngati ya kutali. Zimandiwawa, chifukwa msodzi amene amatchera ukondewo nayenso akusaka chakudya cha ana ake, ndipo lamulo lokha silimudyetsa. Mlendo amene walipira boti, wagona m'nyumba ya alendo ya anthu akomweko, wagula nsomba yololedwa pamsika, akuthandiza kuti manta yamoyo ikhale yaphindu kuposa yakufa. Mukonze zokhala masiku osachepera asanu obira, kuti mpata ukule.

Ndipo musapite ndi maso a zazikulu zokha. Inu amene munazolowera kuyang'anitsitsa mbuna muli ndi mwayi kuposa alendo ambiri, chifukwa munaphunzira kudekha. Muyang'ane m'mapanga: muli tinsomba totchedwa cardinalfish timene timasunga mazira m'kamwa monga zimachitira mbuna, kungoti kumeneko ndi yaimuna imene imafungatira pamene kwathu ndi yaikazi. Muli nkhunga za m'nyanja zotchedwa moray, zimene zimangotsegula ndi kutseka kamwa popuma, octopus wosintha mtundu mukumuona, nkhanu, akamba a m'nyanja, ndi tinkhono topanda chigoba ta mawanga owala totchedwa nudibranch. Tengani tochi ngakhale masana. Madzi amameza mtundu wofiira m'mamita ochepa oyambirira, moti pa mamita 20 zonse zimaoneka zotuwa, koma mukawalitsa tochi tanthwe lomwelo limasanduka lofiira, lachikasu ndi lofiirira. Makorali amene amamera pamenepo ndi nyama zamoyo, si miyala kapena zomera, ndipo phazi limodzi losasamala limathyola chimene chinatenga zaka kuti chikule.

Tibwere ku funso la amayi. Shaki zimene mungakumane nazo kawirikawiri ndi whitetip, imene masana imagona pansi pa matanthwe, ndi leopard shark ya mawangamawanga, yofatsa kwambiri. Kumatanthwe akutali nthawi zina kumadutsa bull shark, imene kuno kummwera kwa Africa amaitcha Zambezi shark chifukwa imakwera mtsinje wa Zambezi kulowa m'madzi opanda mchere. Imeneyo ndi yofuna ulemu. Koma gulu la anthu otulutsa thovu ndi phokoso si chakudya chimene shaki imachidziwa, ndipo nthawi zambiri imapatuka musanaione n'komwe. Ngozi zimene zimachitika zimagwera makamaka anthu a pamwamba m'madzi akuda, pafupi ndi pothira mitsinje, kapena olasa nsomba amene anyamula nsomba zokha magazi. Zimene zimavulaza obira ndi zazing'ono. Stonefish imafanana ndi mwala ndipo minga yake ili ndi ululu woopsa. Lionfish ndi yokongola koma minga yake imabaya. Pali zanungu za m'nyanja za minga yaitali, pali nkhono zosongoka za cone shell zimene simuyenera kutola ngakhale pagombe, ndipo mphepo ikaomba kuchokera kunyanja kumabwera bluebottle, kathumba kabuluu koyandama kokhala ndi ulusi wotentha. Lamulo ndi limodzi: manja anu akhale opinda pachifuwa, osagwira kanthu. Wina akabayidwa ndi minga ya nsomba, viikani malowo m'madzi otentha amene dzanja lingapirire, osapitirira madigiri 45, kwa theka la ola kapena kuposerapo, kenako kuchipatala. Bluebottle ikakuwaulani, tsukani ndi madzi a m'nyanja momwemo, osatikita.

Pa za nthawi, Khirisimasi si imene ndingakusankhireni. Madzi amakhala ofunda, inde, koma ndi nthawi imene anthu a ku South Africa amadzaza gombe lonselo, mitengo ya malo ogona imakwera, maboti amadzaza. Komanso nyengo ya anamondwe imayamba mu November mpaka April, ndipo imafika pachimake kuyambira January mpaka March. Dineo anagunda Inhambane mu February 2017. Freddy, amene ife a ku Blantyre sitidzamuiwala chifukwa cha zimene anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023, anayamba watera pafupi ndi Vilankulo pa 24 February asanabwerere m'nyanja n'kudzalowanso cha ku Quelimane. Ngakhale namondwe ali kutali, mafunde ake amatha kutseka gombe masiku angapo. Mukanatha kusuntha tchuthi, ndikanati mupite kumapeto kwa September kapena mu October, cha m'masiku a Mothers' Day. Madzi amakhala akuyamba kufunda, misewu ndi youma, ndipo anamgumi a humpback, amene amachoka ku Antarctica kudzaswana m'madzi amenewa kuyambira June mpaka October, amakhala asanathe kubwerera. Mumawaona akudumpha muli m'boti, ndipo pansi pa madzi mumamva kuimba kwa aamuna, nthawi zina mwamphamvu moti kumanjenjemeretsa chifuwa. Ngati December ndi yokhayo imene kuntchito angakupatseni, pitani kumayambiriro kwake, sukulu za ku South Africa zisanatseke.

Njira ya pamsewu ndi yaitali, makilomita oposa 1,200: Mwanza, Zobue, Tete, Chimoio, Inchope, kenako kutsika ndi msewu wa EN1 kuwoloka mtsinje wa Save mpaka Maxixe ndi Inhambane, ndipo Tofo ili makilomita pafupifupi 22 kuchokera mu mzinda wa Inhambane. Ndi masiku awiri, ndipo chigawo cha pakati pa Inchope ndi Save chimadziwika ndi maenje, musachiyende usiku. Chichewa chikuthandizani mpaka cha ku Tete, kupitirira apo mufunika mawu angapo a Chipwitikizi. Popeza mukudutsa pa mphambano ya ku Vilankulo, ganizirani zoyambira kumeneko. Zilumba za Bazaruto ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo kuyambira 2017 amayendetsedwa mothandizana ndi African Parks, bungwe lomwe lija la ku Majete ndi Liwonde. Two Mile Reef, pakati pa zilumba za Bazaruto ndi Benguerra, ili ndi makorali ambiri kuposa Tofo ndi malo osaya oyenera munthu amene akulawa mchere koyamba, ngakhale kuti kumeneko ndandanda yonse imatsatira kudzaza ndi kuphwa kwa madzi. Ndi kumenenso kwatsala gulu lomaliza lodalirika la dugong kum'mawa kwa Africa, nyama yoyamwitsa yodya udzu wa pansi pa nyanja, mazana ochepa chabe. Kumpoto, ku Pemba ndi zilumba za Quirimbas, madzi ndi okongola, koma chigawo cha Cabo Delgado chakhala pa nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017, ndipo sindingakutumizeniko.

Sukulu yobira muisankhe ndi mafunso, osati ndi mtengo wokha. Afunseni ngati boti lililonse limanyamula okosijeni wa ngozi ndi wailesi, anthu angati amatsatira divemaster mmodzi, ndiponso ngati amayamba ndi tanthwe losaya kwa mlendo aliyense. Sukulu yabwino ikakukanizani kupita ku Manta Reef tsiku loyamba, ithokozeni. Mugulenso inshuwalansi ya obira, monga ya DAN Southern Africa, bungwe lothandiza obira pa ngozi, musananyamuke. Munthu akadwala matenda a thovu la nayitirojeni m'magazi amafunika chipinda chapadera cha mpweya wopanikizidwa, ndipo kuchokera kugombe limeneli odwala kwambiri amawanyamula pa ndege kupita ku South Africa, ulendo umene banja wamba silingalipire lokha.

Za thupi: musabire muli ndi chimfine, chifukwa makutu ndi mphuno zotsekeka sizilola mpweya kudutsa. Ngati pali mphumu, vuto la mtima, BP yosakhazikika kapena shuga, muonane ndi dokotala kuno musanapite. Ngati muli oyembekezera, kapena mukuganiza kuti mwina, musabire konse. Imwani madzi ambiri, ndipo alamu asiye mowa mpaka tsiku limene mwamaliza. Malungo aliko monga kwathu kuno, gonani m'masikito, ndipo dokotala akafuna kukupatsani mankhwala oteteza muwauze kuti mukukabira, chifukwa mefloquine amatha kubweretsa chizungulire ndipo obira amalangizidwa kumupewa. Pokwera musapitirire liwiro limene kompyuta yanu ikulola, ndipo muime mphindi zitatu pa mamita 5 nthawi zonse, ngakhale mafunde akukugwedezani.

Mukamaliza kubira kwa masiku angapo, dikirani maola osachepera 18 musanakwere ndege, ine ndimati tsiku lathunthu. Msewu nawonso muuwerengere, chifukwa Chimoio ili pamtunda ndipo Blantyre ili pamwamba mamita pafupifupi 1,000. Izi zikukhudzanso maulendo anu a ku Cape Maclear: kubira mozama m'mawa wa Lamulungu, masana n'kuyamba kukwera ku Zomba mpaka Blantyre, si chizolowezi chabwino.

Zizindikiro za matenda a thovu aja ndi kuphwanya m'mfundo makamaka m'mapewa ndi m'zigongono, kutopa kosaneneka, mutu, chizungulire, dzanzi m'manja kapena m'miyendo, zidzolo zofiira pakhungu, kapena kuvutika kukodza. Zambiri zimayamba m'maola ochepa mutatuluka m'madzi, zina zimachedwa mpaka tsiku lotsatira. Mwaona kuti theka la zizindikirozi Mmalawi aliyense angazitche malungo, n'kuthamangira kukagula LA ndi panado n'kukagona. Musatero. Ngati mwabira m'maola 48 apitawo, uzani a sukulu nthawi yomweyo, pumani okosijeni, imbani nambala ya ngozi ya DAN, ndipo musalowenso m'madzi. Zikakupezani muli panjira kapena mutafika kale ku Blantyre, mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti mwachokera kobira, kuya kwake ndi nthawi imene munatuluka. Ayeze malungo ndithu, koma kompyuta yanu ya pamkono ikhale pa tebulo lawo.